Konzani Kamera ya Foni Musanajambule Umboni wa Komiti

Asodzi, eni zida, amayi ogula ndi kuwamba nsomba, ndiponso mamembala a makomiti a m'madoko, phunziro lathu la ulendo uno ndi la chida chimene ambiri tili nacho kale m'thumba, chomwe ndi foni ya kamera. Mwina ena mukudabwa kuti nkhani ya foni yalowa bwanji m'tsamba la za usodzi. Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga.

Chaka china, nyanja ili yotseka, komiti ya pa doko lina m'dera limene ndinkagwirako ntchito inapeza anthu akukoka khoka m'mamawa. Ku thumba la khokalo anali atasokererako neti ya udzudzu. Ataona kuti kukubwera anthu, anaunjika khoka m'bwato n'kupalasa. Mlembi wa komiti sanade nkhawa, pakuti anali atajambula kale pa foni yake. Tsiku la mlandu ine ndinali pomwepo. Foni ija inayenda m'manja kuchoka kwa amfumu kupita kwa nduna zawo, kenaka inafika kwa ine. Chimene chinkaoneka ndi madzi oyera mbee, pakati pake pali zinthu zitatu zakuda bii zimene mlembi ankaumirira kuti ndi anthu. Woimbidwa mlandu anayang'anitsitsa, n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti, "Mfumu, pa atatuwa ine ndi uti?" Bwalo lonse linaseka. Mlandu unathera pomwepo, ndipo kwa miyezi ingapo komitiyo ikaitanitsa msonkhano anthu ankabwera owerengeka.

Titakhala pansi ndi mlembi uja tinapeza kuti vuto silinali foni. Foni yomweyo inali ndi zithunzi zokongola za chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake. Iye anajambula atapenya kumene dzuwa linkatulukira, anakokera chithunzi pafupi ndi zala, ndiponso pa galasi la kamera panali mafuta a usipa. Zonse zitatuzi ndi zokonzeka popanda kutulutsa ndalama.

Kuyambira m'chaka cha 1993, pamene ndondomeko yoti boma ndi asodzi azisamalira nsomba mogwirizana inayamba pa nyanja ya Malombe, komanso potsatira lamulo la za usodzi la 1997, makomiti a m'madoko akhala maso a nyanja. Koma tonse tikudziwa kuvuta kwa ntchitoyi. Munthu amene mwamugwira ndi mlamu wanu, kapena mumapemphera naye limodzi. Akakana, nkhani imasanduka yoti "akundida chifukwa ndimapha zambiri". Chithunzi chooneka bwino chimachotsa mkangano umenewu pakati pa anthu n'kuuika pa chinthu chimene aliyense angathe kuona. Choncho funso limene muzidzifunsa nthawi zonse ndi ili: kodi munthu amene sanali pano, akaona chithunzichi, adziwa kuti ndi chiyani, ndi chachikulu bwanji, chinali kuti, ndiponso tsiku liti?

Yambani ndi galasi

Manja a munthu wa pa doko sachedwa kukhala ndi mafuta a nsomba, mamba, utsi ndi mchenga. Kagalasi ka kumbuyo kwa foni n'kakang'ono kwambiri, moti chala chimodzi chikakhudzapo chithunzi chonse chimatuluka ngati mwajambula m'chifunga, ndipo nyali zimaoneka ndi mizere italiitali. Musanajambule, uzirani kuti mchenga uchoke, kenaka pukutani ndi kansalu kofewa kouma. Mukapukuta mchenga ulipo mukanda galasi. M'nyengo ya mwera, pamene madzi amathovokera m'bwato, muzipukuta pafupipafupi.

Ambiri timasunga foni m'jumbo kuopa madzi. N'zabwino, koma musajambule foni ili m'jumbomo. Onaninso chikuto cha foni yanu. Zina zimaphimba m'mbali mwa kamera, zina zili ndi pulasitiki yokandikakandika pa galasi penipeni.

Zokonza kamodzi, muli pansi pa mtengo

Pali zinthu zimene simungakonze khoka likukokedwa. Zikonzeni lero, mutakhala phee. Mayina ake m'foni ali m'Chingerezi ndipo amasiyanako pakati pa Tecno, itel, Infinix, Samsung ndi mafoni ena, choncho amene zikukuvutani pemphani wachinyamata wa m'komiti akuthandizeni.

Choyamba ndi tsiku ndi nthawi. Lowani mu Settings ya foni, pezani pamene palembedwa kuti Date and time, n'kuyatsa poti foni izitenga yokha tsiku ndi nthawi kuchokera ku netiweki. Musachipeputse chimenechi. Milandu yambiri ya pa doko imaima pa tsiku, popeza chida chimene n'chololedwa mwezi uno chikhoza kukhala choletsedwa mwezi wamawa, ndipo masiku otsekera ndi osiyana pa nyanja ya Malawi, Malombe ndi Chilwa, pomwe malo ena monga chilumba cha Mbenji ku Salima ali ndi malamulo awoawo. Chithunzi chilichonse chimasunga mkati mwake tsiku limene foni ikuonetsa. Ngati foni yanu inazima n'kubwerera ku chaka chakale, ndiye kuti umboni wanu ukunena bodza inu osadziwa.

Tsopano tsegulani kamera ndi kudina kachizindikiro kooneka ngati giya ya njinga. M'menemo fufuzani Watermark. Mafoni ambiri atsopano ali nayo. Mukayatsa mbali ya nthawi, tsiku limalembedwa pakona ya chithunzi pamene aliyense angawerenge. Mbali ina ya Watermark imangolemba dzina la foni. Imeneyo ilibe ntchito kwa ife.

Fufuzaninso Location kapena Location tags ndi kuyatsa. Ndi imene imasunga malo enieni amene munaima pojambula. Kuti igwire ntchito, Location ya foni yonse ikhalenso yoyaka. Sifuna bandulo, pakuti foni imamva kuchokera ku masetilaiti, koma popanda intaneti imachedwerapo kupeza malo, ndiye tsegulani kamera msanga n'kudikira pang'ono muli pabwalo. Izi zimathandiza kwambiri pa milandu ya malo otetezedwa oswanirana nsomba, pamene wogwidwa amati anali kunja kwa malire. Apa ndichenjeze anzathu a chilimira: ngati mwajambula utaka muli pa chirundu chanu chachinsinsi Location ili yoyaka, chithunzicho chanyamula njira yopitira kumeneko. Pa zithunzi zanu za kunyumba ndi za malonda mukhoza kuizimitsa, ndipo batire lidzakhalitsa.

Kenaka onani kukula kwa chithunzi. Mudzaona 4:3, 16:9, 1:1 ndi Full. Ambiri amasankha Full chifukwa chithunzi chimadzaza sikirini yonse n'kumaoneka chachikulu. Zoona zake n'zakuti pa mafoni ambiri 4:3 ndi imene imagwiritsa ntchito diso lonse la kamera, ndipo zinazo zimangodula m'mbali. Sankhani 4:3. Ngati pali posankha ubwino wa chithunzi, monga Low, Medium ndi High, ikani pa High. Pa mafoni olembedwa 48MP kapena 50MP, kamera imajambula mwachizolowezi pa 12MP, ndipo zimenezi n'zokwanira pa ntchito yathu yambiri. Nambala yaikuluyo ithandiza masana okha, foni itagwiridwa mosagwedezeka, ndipo imadzaza foni msanga.

Zimitsani zokongoletsa zonse: Beauty, Filter ndi Portrait. Beauty inapangidwa kuti isalaze nkhope, ndipo ikhoza kufufuta tizinthu ting'onoting'ono timene ife tikufuna tioneke. Filter imasintha mitundu, pamene mtundu wa nsomba ndi umene umatiuza ngati ili yabwino kapena yodwala. Portrait imachititsa kuti kumbuyo kusaoneke bwino, koma kumbuyoko n'kumene kuli phiri, mtengo kapena nyumba yosonyeza doko. Muzijambulanso ndi kamera ya kumbuyo. Ya kutsogolo nthawi zambiri ndi yofooka, ndipo pa mafoni ena imatembenuza malemba, moti nambala ya boti imawerengeka chobwerera.

Chomaliza, yatsani Grid. Ndi timizere timene timaoneka pa sikirini koma sitituluka pa chithunzi. Linganizani mzere umodzi ndi pamene madzi akumana ndi thambo, kuti nyanja isaoneke ngati ikukhuthukira mbali imodzi.

Kuwala kwa pa nyanja

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene mlembi uja anagwera. Kamera imachita ngati diso la munthu. Mukatuluka m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo, mumatsinzina pang'ono. Kamera nayo ikaona madzi onyezimira, mchenga woyera ndi thambo lowala, imatsinzina kuti kuwala kusachuluke. Ikatero madzi amaoneka bwino, koma munthu, bwato ndi ukonde zimada bii. Pa doko vutoli ndi lalikulu kusiyana ndi kumunda, chifukwa madzi amabweza kuwala ngati kalilole.

Mankhwala oyamba ndi miyendo yanu. Dzuwa likhale kumsana kwanu kapena cha m'mbali, osati kumaso. Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana mthunzi wanu: ngati ukuloza chinthu chimene mukujambula, mwaima bwino. Ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi madoko ena a kumadzulo kwa nyanja ya Malawi dzuwa limatulukira pa madzi, nthawi yomwe mabwato akukocheza. Choncho mukaima pamtunda m'mawa n'kupenya kunyanja, mwapenya dzuwa. Yendani motsata gombe kuti bwato mulione cha m'mbali, kapena lowani m'madzi ofika m'mawondo kuti mupenye kumtunda. Anzathu a ku Makanjira ndi madoko ena a kum'mawa vutoli limawapeza madzulo.

Ngati simungathe kusuntha, uzani kamera chimene mukufuna. Dinani kamodzi pa sikirini, pa chinthu chenichenicho, kaya ndi bwato kaya ndi ukonde. Padzaoneka kabokosi kapena kabwalo. Pamenepo kamera yachita zinthu ziwiri: yalunjika diso pa chinthucho kuti chioneke chakuthwa, ndiponso yayeza kuwala potengera chinthucho osati madzi. Pambali pa kabokosiko pamakhala kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni m'mwamba ndi chala, chithunzi chiwala. Kakokereni pansi, chida. Kwezani mpaka nambala ya boti iwerengeke. Madzi a kumbuyo ayera mopitirira, koma zilibe kanthu, pakuti simukujambula madzi.

Pa mafoni ambiri, mukadina n'kusiya chala pomwepo kwa kanthawi, pamatuluka kaloko kapena mawu oti AE/AF Lock. Ndiye kuti kamera yamanga muyezo umenewo ndipo siisintha ngakhale mugwedezeke kapena munthu adutse. Mukafuna kumasula, dinani malo ena.

Nsomba zonyezimira zimafuna zosiyana ndi zimenezi. Usipa, utaka ndi mcheni zikakhala pa dzuwa zimabweza kuwala, ndipo pa chithunzi zimangokhala mulu woyera wopanda maso ngakhale mamba. Apa kadzuwa kaja katsitseni pang'ono. Koma chabwino koposa ndi kunyamula nsombazo n'kupita nazo pa mthunzi wowala bwino, monga m'mphepete mwa shedi kapena pakhonde. Pewani mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali, chifukwa umaika mawanga pa nsomba. Pewaninso pansi pa lona wa buluu kapena wobiriwira: nsomba imatenga mtundu wa lonayo.

Palinso HDR. Mukaiyatsa, foni imajambula zithunzi zingapo mofulumira, china chowala china chakuda, n'kuziphatikiza kuti powala ndi pamdima ponse paoneke. Pa doko masana ndi yothandiza, ndipo ine ndimalangiza kuti ikhale pa Auto. Koma pa mafoni otsika mtengo, chinthu chikamayenda mofulumira HDR imachititsa kuti chioneke pawiri. Zikatero izimitseni.

Musakoke ndi zala

Chizolowezi chotambasula zala ziwiri pa sikirini kuti chinthu chakutali chiyandikire chawononga zithunzi zambiri. Mafoni ambiri amene tili nawo m'madoko alibe galasi lokokera zinthu pafupi. Chimene foni imachita ndi kudula kachigawo kakang'ono ka chithunzi n'kukatambasula, monga mmene mungakokere kansalu kakang'ono kuti kakwane pa thebulo. Pa sikirini zimaoneka ngati zayandikira, koma mukadzafuna kuona nkhope kapena nambala mudzapeza phala lokhalokha. Siyani pa 1x. Ngati n'kotheka yandikirani. Ngati sikotheka, jambulani momwemo. Mudzakulitsa poonera, ndipo chithunzicho chidzakhala chitasunganso malo ozungulira.

Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti. Pamtunda tsamirani mtengo kapena thandala. Pa mafoni ambiri batani lokwezera mawu limajambulanso, ndipo limathandiza zala zikanyowa, pakuti sikirini simvera bwino chala chonyowa. M'bwato khalani pansi, jambulani kanayi kapena kasanu, mudzasankha chabwino muli kumtunda.

Ukonde ndi nsomba zazing'ono

Chida choletsedwa chikalandidwa, musakhutire ndi chithunzi chimodzi. Jambulani muli chapatali kuti doko lidziwike, pakhale chinthu chosasuntha monga phiri, thanthwe kapena chikwangwani. Yandikirani mujambule chida chonse chitatambasulidwa, pamodzi ndi bwato ndi nambala yake ngati ilipo. Pomaliza jambulani maso a ukonde pafupi.

Chithunzi chachitatuchi ndi chimene chimavuta. Ulusi ndi wopyapyala, makamaka wa ukonde wa pulasitiki woonekera uja, ndipo kamera imaudumpha n'kulunjika pa mchenga kapena pa mapazi a anthu. Ikani kumbuyo kwa ukonde chinthu cha mtundu umodzi, monga nsalu yakuda kapena thabwa, ukondewo ugone pamenepo. Wina akoke diso limodzi la ukonde kuti liwongoke, rula igone motsatira disolo kuchokera pa mfundo ina kufika pa mfundo yoyang'anana nayo. Foni ikhale pamwamba penipeni, yopenya pansi molunjika. Mukajambula chopendekera manambala a pa rula amanama. Musayandikire mopitirira, kamera zambiri zimalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10. Yambirani pa utali wa chikhatho ndi theka, dinani pa rula, dikirani manambala aoneke akuthwa, ndiye jambulani. Mafoni ena ali ndi Macro yojambulira pafupi, koma pa mafoni otsika mtengo kamera ya Macro imakhala yofooka kuposa yaikulu. Yesani zonse ziwiri muone.

Popanda rula chithunzi cha maso a ukonde sichinena kanthu, chifukwa pa sikirini diso la neti ya udzudzu likhoza kuoneka lalikulu ngati la matchera. Komiti iliyonse ikhale ndi rula ya masentimita 30, yomwe ana amapita nayo ku sukulu ija, ndipo izikhala m'buku la komiti. Ikasowa, ikani bokosi la machesi, ngakhale kuti limeneli limangopereka chithunzithunzi chabe. Kukula kwa maso kololedwa pa chida chilichonse m'dera lanu funsani alangizi a za usodzi, mulembe pa chikuto cha buku.

Nsomba nazo n'chimodzimodzi. Chambo chosakwana masentimita 15 sichiloledwa kuphedwa, ndipo mpasa ndi masentimita 30. Pofuna kusonyeza kuti munthu wapha kasawala, goneka nsomba pa thabwa, kukamwa kwake kulingane ndi poyambira manambala a rula, mchira utawongoka. Musainyamule m'manja n'kuitambasulira ku kamera. Nsomba ikayandikira kamera kuposa munthu imaoneka yaikulu, ndipo asodzi okonda kudzitama amaidziwa bwino njira imeneyi. Jambulani imodzi payokha, kenaka khumi zitandandalikidwa, kenaka mulu wonse, kuti asadzanene kuti munasankha yaing'ono imodzi. Chitani zimenezi msanga, popeza nsomba ikafa mtundu wake umayamba kufwifwa ndipo kuizindikira kumavuta.

Usiku

Zambiri zoletsedwa zimachitika usiku, ndipo apa ndinene mosabisa kuti foni ili ndi malire. Flash ya foni imafika mamita awiri kapena atatu basi. Mukaiyatsa pofuna kujambula bwato limene lili patali, imangowalitsa tizilombo ndi madzi othovoka amene ali pafupi nanu, bwatolo osaoneka, komanso mwadziulula pamene muli. Ikhale yozima. Ngati foni ili ndi Night kapena Super Night, imeneyi imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, ndiye imafuna kuti foni isagwedezeke ngakhale pang'ono. Pamtunda, foni itatsamira pa mwala, imathandiza. Yatsaninso Timer ya masekondi 3 kuti kudina kwa chala kusagwedeze foni. M'bwato loyandama musataye nthawi.

Pojambula chida chimene chili kale m'manja mwa komiti, mnzanu aunikire ndi tochi kuchokera cha m'mbali, osati kumbuyo kwa foni. Kukacha jambulaninso bwinobwino pamaso pa mboni, chidacho chisanapite kwa amfumu kapena ku ofesi.

Nsomba za zilonda

Si milandu yokha imene imafuna zithunzi. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kunapezeka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene amayamba ndi mawanga ofiira pa khungu, kenaka zilonda zakuya. Amakonda kubuka nyengo yozizira, m'mitsinje, m'madambo ndi m'maiwe. Mukaona nsomba zotere, kapena nsomba zambiri zitafa pamodzi, chithunzi chikhoza kufika kwa alangizi tsiku lomwelo. Jambulani pa mthunzi wowala, Flash ndi Filter zili zozima kuti kufiira kwa chilonda kuoneke mmene kulili. Jambulani nsomba yonse mbali zonse ziwiri, chilonda pafupi rula ili pambali, ndiponso madzi a pamalopo. Dziwani kuti chithunzi sichitsimikiza matenda. Otsimikiza ndi akatswiri akayeza nsombayo. Ntchito ya chithunzi ndi kuwafulumizitsa. Nsomba zoterozo musapite nazo ku madzi ena, ndipo zida zimene zagwira ntchito pamenepo ziumitsidwe bwino pa dzuwa.

Kutumiza ndi kusunga

Mukhoza kujambula bwino n'kuwononga potumiza. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chipepuke, ndipo mukatumiza mwa nthawi zonse tsiku ndi malo obisika mkati muja zimachotsedwa. Kuyambira mu 2023 muli kabatani kolembedwa HD pamwamba pa chithunzi musanatumize; mukakadina chithunzi chimapita chooneka bwinopo. Koma cha umboni chitumizeni ngati Document: dinani kachizindikiro kolumikizira zinthu, sankhani Document, n'kupeza chithunzicho. Chimapita chathunthu monga mmene chinajambulidwira. Chimadya bandulo yambiri, n'zoona, ndiye sankhani zitatu zabwino m'malo motumiza makumi awiri.

Chithunzi choyambirira musachidule, musachilembe, musachikongoletse. Mukafuna kuzunguliza chinthu ndi mzere, chitani zimenezo pa kope lina. Musajambulenso sikirini ya foni ya mnzanu n'kumati ndi umboni. Sungani zithunzi malo awiri, m'foni ndi pa memore khadi kapena kwa alangizi, pakuti mafoni a pa doko amathera m'madzi. M'buku la komiti mlembi alembe tsiku, nthawi, malo, amene anajambula ndi mboni zimene zinalipo. Chithunzi chimathandiza buku ndi mboni, sichilowa m'malo mwake.

Kamera isakhale chida choyambitsira ndewu. Ngati anthu alusa, bwezani foni m'thumba, bwererani mukanene kwa amfumu, kwa alangizi kapena ku polisi. Musathamangitse bwato usiku chifukwa chofuna chithunzi. Ndiponso zithunzi za munthu amene mlandu wake sunaweruzidwe si zoponya pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a m'mudzi. Zipite kwa oyenera okha. Ana amene apezeka akukoka nawo khoka musawajambule nkhope. Komiti ina imene ndikuidziwa inagwirizana kuti foni imodzi yokha ndiyo izijambula za milandu, ndipo ine ndinaona kuti ndi nzeru, chifukwa chithunzi chikatuluka molakwika amadziwa wofunsa.

Kwa amayi ndi abambo a malonda

Zonse tanenazi zikhoza kukuonjezerani makasitomala. Wogula wa ku Limbe, Lilongwe kapena Mzuzu masiku ano amati "tumizani ndione" asanatumize ndalama. Yalani nsomba pa thandala loyera kapena pa nsalu yoyera bwino, osati pa mchenga. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, pamene dzuwa silikuwala mwaukali. Usipa wowuma ndi nsomba zowamba zimaoneka bwino kuwala kukachokera m'mbali. Ikani chigoba kapena beseni limene mumayezera kuti wogula aone muyezo. Koma musaike Filter yoti bonya aoneke ngati usipa wonona, kapena kutumiza chithunzi cha sabata yatha. Katundu akafika wosiyana ndi chithunzi, wogulayo sadzaimbanso, ndipo adzauza anzake a pa msika.

Amene muli ndi foni ya mabatani musataye mtima. Zambiri za mu Settings mulibe, koma kupukuta galasi, kuika dzuwa kumsana, kuyandikira ndi kuika rula zikugwirabe ntchito. Onani chabe ngati pali posankha kukula kwa chithunzi, muike pa nambala yaikulu.

Zochita pa msonkhano wotsatira

Wapampando apatule ola limodzi. Aliyense amene ali ndi foni abwere nayo, pakhalenso chidutswa cha ukonde, rula, nsalu yakuda ndi nsomba ziwiri kapena zitatu. Yambani ndi kuona tsiku ndi nthawi pa foni iliyonse, ndipo musadabwe mukapeza zina zili m'chaka china. Kenaka aliyense ajambule bwato limodzi kawiri, koyamba atapenya dzuwa, kachiwiri dzuwa lili kumsana, mufanizire. Pomaliza ajambule maso a ukonde ndi nsomba pa rula. Zithunzizo mukazionetse kwa munthu amene sanali pa msonkhano, monga aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, osawauza kanthu, n'kuwafunsa kuti awerenge masentimita. Amene chithunzi chake chawerengeka mosavuta ndiye akhale wojambula wa komiti, ndipo asankhidwenso wachiwiri wake wa tsiku limene iye ali pa nyanja.